Makoswe Makumi Anayi ndi Mdzukulu Mmodzi

Ngati mukufuna nkhani ya munthu amene anagwa kamodzi, n'kudzuka, n'kusasa fumbi, anthu n'kumuwombera m'manja, iyi si yanu. Munthu wanga uyu anagwa, atadzuka anagwanso, ndipo kachiwiriko anagwa maso ali gwa, mowa osaumeza ngakhale dontho. Ndikulembera inu amene mwatopa ndi kuyambiranso.

Anthu ankamutchabe Mphunzitsi, ngakhale choko anali atachisiya zaka zinayi m'mbuyomo. Kunena zoona sanachisiye yekha. Anamuchotsa ntchito atamupeza m'kalasi ya sayansi m'mawa, atagona pa desiki, ana akumujambula pa bolodi. Mkazi wake anapirira chaka china, kenako anamanga katundu. Anatsala ndi anthu awiri: mwana wake wamkazi, amene ankamulonjerabe, ndi mlongo wake wamkulu, amene ankamukalipira tsiku ndi tsiku. Kukalipako kunali kukonda komwe, koma nthawi imeneyo iye sankakumva choncho.

Tsiku limene anafika pansi penipeni linali Loweruka masana. Mwana wake uja anali atangotuluka kuchipatala ndi khanda la masiku asanu, kamtsikana, mdzukulu woyamba. Mphunzitsi anasamba, anameta ndevu, anavala jekete. Ali panjira manja anayamba kunjenjemera, ndipo anadziuza kuti munthu sanganyamule khanda ndi manja otere. Anapatukira pa bala ina kuti amwe kamodzi kokha kolimbitsa manja. Inu mukudziwa kuti kamodzi ka chidakwa sikayenda kokha, kamabwera ndi abale ake.

Analowa m'nyumba akuimba. Anthu asanamuletse, anali atatola kale khandalo m'manja mwa mayi ake, ndi shawelo yomwe. Anati alikweze m'mwamba kuti alione bwino nkhope, phazi linakola mwendo wa tebulo. Chimene amakumbukira mpaka lero ndi kupepuka kwa manja ake. Mwana anali atachokamo. Mkamwini ndiye anadzigwetsa ndi mawondo n'kumuwakha, kamutu katatsala chikhato chimodzi kuti kafike pa simenti.

M'nyumba munangoti zii. Kenako khanda linalira.

Mwana wake sanakuwe. Anamugwira mkono, n'kumutulutsa panja, n'kutseka chitseko kuti alendo asamve.

"Bambo, ndakhala ndikukuikirani kumbuyo kuyambira ndili pasukulu. Lero ndatopa. Mwanayu simudzamukhudzanso mpaka mutakhala chaka chathunthu pa ntchito imodzi, mowa osaulawa. Ndati chaka, bambo, osati miyezi khumi ndi umodzi."

"Mwanawe, phazi langokola..."

"Pitani."

Mowa anausiya tsiku lomwelo, ndipo anasiya mopusa, yekhayekha, atadzitsekera m'kachipinda kake. Tsiku loyamba linali la thukuta ndi kusanza. Lachiwiri manja sankatha kufikitsa kapu ya madzi pakamwa. Lachitatu kunabwera mantha opanda mwini. Woyandikana naye akamenyetsa chitseko, mtima unkachita ngati utulukira pakamwa. Pakati pa chipinda pankamuopsa ngati pakati pa msewu, choncho anadzipanikiza pakona, pakati pa bedi ndi khoma, pomwe msana ndi mapewa zinkakhudza chinthu. Mlongo wake atathyola loko anamupeza pomwepo, akuphupha.

Kuchipatala anamuuza mosabisa kuti munthu womwa ngati iye akasiya mwadzidzidzi popanda thandizo akhoza kufa. Anagonako milungu iwiri. Atatuluka, kunjenjemera kunali kutachepa, koma mantha aja ankamudikirira m'mawa uliwonse pamphepete pa bedi.

Mlongo wake ankakolopa maofesi pa sukulu ina yaukachenjede, ndipo anamva kuti kuchipinda cha makoswe kukufunika munthu.

"Makoswe, achemwali?"

"Nanga mukufuna akupatseninso ana a eni? Makoswe omwewo akukomerani mtima." Anamuponyera fomu pamiyendo. "Apa akufunsa ngati munavutikapo ndi mowa. Mulembe kuti ayi."

"Limenelo ndi bodza."

"Achimwene, mwanama zaka khumi kuti mumwe. Namani kamodzi kuti mudye."

Analemba kuti ayi.

Chipindacho chinali kumapeto kwa khonde lalitali, chopanda zenera. M'makoma munali mashelefu, pamashelefu timakola ta pulasitiki, kalikonse ndi botolo lake lozondoka. Makoswe ake anali oyera mbee, a maso ofiira, onenepa, osadziwa msampha kapena mphaka. Ntchito yake inali kusintha utuchi, kutsuka mabotolo, kuyeza makoswe pa sikelo ndi kuwalemba mizere pamchira kuti asasokonezeke.

Mwini wa chipindacho anali mayi wamng'ono kwa iye, woonda, wa magalasi, wosaseka chisawawa. Onse ankawatchula kuti Adokotala, ngakhale sankachiza anthu. Tsiku loyamba anamufotokozera ali chiimire.

"Achikulire, makoswe awa timawamwetsa mowa milungu isanu ndi umodzi, kenako timawalanda. Akalandidwa amagwidwa ndi nkhawa yoopsa, ngati mmene amachitira anthu. Anthu ambiri amabwerera ku botolo pothawa nkhawa imeneyo. Ine ndikuyesa mankhwala ena kuti ndione ngati angaichepetse. Mukundimva?"

"Ndikumva." Ankamva kuposa mmene iwo ankaganizira.

"Pafomu mwati simumwa. Zili bwino. Makiyi a kabati ya mowa ndi awa."

Mowa wa makoswe ankasakaniza Adokotala okha, ndipo ankauyeza mpaka dontho. Mphunzitsi potsuka mabotolo ankavala chophimba kumphuno, n'kugwira mpweya mpaka madzi atayeretsa zonse. Pamenepo anapambana, ndipo anayamba kudzikhulupirira.

Anapezekanso kuti makoswe amawadziwa kuwagwira. Ena ankawatsamphula ndi mchira, makoswe n'kumaluma. Adokotala omwe zala zawo zinali zipsera zokhazokha. Iye ankangolowetsa dzanja m'khola, n'kuligoneka chagada pa utuchi, n'kudikira. Khoswe ankathawira pakona, kenako n'kusuzumira, n'kudzanunkhiza chala, mapeto ake n'kukwera yekha. Adokotala atamufunsa kumene anaziphunzira, anangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Sanawauze kuti munthu amene anakhalapo pakona amadziwa mmene dzanja lothamanga limaopsera.

Patatha miyezi inayi linafika tsiku loyesa gulu loyamba, makoswe makumi awiri. Theka anabayidwa mankhwala aja, theka madzi amchere chabe. Choyesera chake chinali thabwa looneka ngati mtanda, lokwezeka kufika m'chiuno, la njira zinayi. Njira ziwiri zinali ndi zipupa zazitali, mkati muli mdima. Ziwiri zinazo zinali pambalambanda, zopanda chotchinga. Khoswe ankamuika pakati n'kumupatsa mphindi zisanu. Wamantha amathawira m'zipupa n'kukhala momwemo. Amene mtima uli m'malo amatuluka n'kumayenda poyera. Kamera ya kudenga inkawerenga masekondi, Adokotala ali pa kompyuta kuseri kwa katani.

Pakhoma panali pepala la malamulo, ndipo lamulo lachinayi linkati khoswe aliyense akachoka, thabwa lipukutidwe ndi sipiliti kuti wotsatira asamve fungo la mnzake, ndipo lidikiridwe mpaka liume. Wopukuta anali Mphunzitsi. Sipiliti ndi mowa ndithu, kungoti si womwa, ndipo uyo yekha sankayezedwa.

Chophimba kumphuno chinkamutentha, anachitsitsa pachibwano. Atatsegula botolo, mate anadzaza m'kamwa. Anawerama kuti apukute mkati mwa zipupa zija, nkhope n'kulowa mumpatamo momwe fungo linaunjikana. Anakoka mpweya. Mapewa anatsika okha. Kwa nthawi yoyamba chichokere kuchipatala, mtima wake unakhala pansi.

Kununkhiza si kumwa, anadziuza choncho.

Khoswe wachiwiri atachoka, anathira wochulukirapo. Kunjira zapoyera ankangopititsa kansalu kamodzi. M'zipupa ankathira mpaka m'makona munyowe, n'kuchedwamo ataweramira.

"Lauma?" Adokotala ankafunsa kuseri kwa katani.

"Lauma."

Pamwamba linkaonekadi louma.

Zotsatira zitatuluka, panalibe kusiyana. Obayidwa mankhwala ndi obayidwa madzi, onse anathera nthawi yawo m'zipupa. Mwina simukudziwa, khoswe wa mu kafukufuku wotere akamaliza sabwerera m'khola. Amamugoneka tulo tosadzuka kuti ayeze ubongo wake. Wonyamula matumba kupita nawo kowotcha anali Mphunzitsi. Ananyamula makumi awiri, mtima uli phee, poti sankadziwa kuti ali ndi mlandu.

M'gulu lachiwiri munali khoswe wina wa khutu long'ambika, womwa kuposa anzake onse. Akakhuta ankagona chagada, timiyendo m'mwamba, opanda manyazi. Mphunzitsi anamutcha Mlamu.

"Alamu, mwayamba kale m'mawa uno? Mutisiyireko ulemu pang'ono, alendo akubwera."

Ndi yekhayo amene ankacheza naye. Kunyumba kunalibe munthu. Kwa mwana wake ankangotumizako uthenga mwezi ukatha, wonena kuti ndidakali pantchito, ndipo yankho linkakhala la liwu limodzi: chabwino. Mdzukulu ankamumvera kwa mlongo wake, kuti wayamba kukhala, kuti wamera dzino.

Mowa utachotsedwa, Mlamu anasanduka wina. Ubweya unaima, ankadzidzimuka ndi kulira kwa makiyi, ndipo dzanja lija analikana koyamba. Mphunzitsi anamuyang'ana nthawi yaitali, chifukwa ankadziwa zimene zinkachitika m'kachifuwa kameneko.

Tsiku loyesa, mwezi wachisanu ndi chitatu wa ntchito, anapukuta thabwa monga mwa chizolowezi chake chija, n'kumuika Mlamu pakati. Mlamu anali atabayidwa mankhwala aja, ndipo zinaoneka kuti wasintha. Makutu anali chiriri, ubweya utagona. Anatuluka poyera mosaopa, anayenda mpaka pakati pa njira, n'kuima. Anakweza mphuno. Ndevu zake zinagwedera. Kenako anatembenuka, n'kulunjika m'zipupa, mpaka pakona penipeni pomwe Mphunzitsi ankaikapo nkhope yake, n'kuyamba kunyambita.

Thupi lonse la Mphunzitsi linachita tsembwe. Khoswe wamantha ankamudziwa: amadzipinda, amangoti duu, makutu atagona. Uyu sankabisala. Uyu anapatuka. Kayendedwe kameneko Mphunzitsi ankakadziwa bwino, chifukwa ndi mmene amayendera munthu wovala jekete amene akupita kukaona mdzukulu, fungo n'kumukoka panjira.

Anayang'anitsitsa otsatirawo. Ena ankadzipindadi ndi mantha. Koma ena ambiri ankachita ngati Mlamu, kutuluka, kununkhiza, kubwerera kukanyambita. Kamera ya kudenga sinkaona lilime. Inkangowerenga kuti khoswe ali m'zipupa, basi, n'kumulemba kuti ndi wamantha.

Akanatha kutsegula katani nthawi yomweyo. Sanatsegule. Anapitiriza kupukuta, ndipo manyazi ake ndi akuti ngakhale atadziwa, dzanja linathirabe.

Mawa lake ananyamula matumba enanso makumi awiri. Limodzi analidziwa ndi khutu. Analigwira nthawi yaitali pakhomo la kowotchako.

"Pepani, alamu," anatero. Panalibe wina womupepesa.

Patapita milungu ingapo anawapeza Adokotala atakhala pa kampando pakati pa timakola topanda kanthu, magalasi ali m'manja.

"Akuluakulu andipatsa gulu limodzi lomaliza, achikulire. Likakanika, chipinda chino atseka. Zaka zisanu ndathera pa mankhwala amenewa. Ndawerenga zonse kambirimbiri, sindikuona polakwika. Mwina vuto ndine."

Mphunzitsi anangoti zyoli, n'kumasesa pamalo osesa kale.

Anagwira njakata. Akakhala chete, gulu lachitatu lifa pachabe, chipinda chitsekedwa, ntchito itha chaka chisanakwane. Akalankhula, ayenera kuulula kuti ananama pafomu ndiponso kuti ndiye anawononga zonse, ndipo ntchito itha tsiku lomwelo. Uku kunalibe mdzukulu, uku kunalibe mdzukulu. Anakamuuza mlongo wake ali m'kachipinda ka zokolopera.

Mlongoyo anamvetsera mpaka kumapeto, chokolopera chili m'manja.

"Ndiye vuto lili pati? Ulendo uno mupukute bwino, pakamwa mutseke. Kwatsala milungu isanu, achimwene. Isanu yokha."

"Koma magulu awiri oyamba aja akhalabe m'mabuku kuti mankhwala anakanika. Ngakhale lachitatu litayenda, adzati awiri aposa limodzi."

"Zimenezo n'za ophunzira. Inu zanu n'za mwana."

Anaona kuti mwina n'zoona. Lachisanu, kutatsala masiku atatu kuti ayese, anati adziyese yekha pa thabwa lopanda khoswe. Anavala chophimba kumphuno, anadontheza pang'ono pa kansalu, ndipo analumbira kuti apukuta ngati munthu. Zimene zinatsatira sazikumbukira bwino. Anangozindikira chophimba chili pachibwano, nkhope ili m'zipupa, botolo lili pafupi ndi milomo, kuzizira kwake kukukhudza mano. Wotchi ya pakhoma inali itayenda mphindi makumi awiri.

Anakhala pansi pomwepo n'kulira. Miyezi khumi ndi umodzi ankawerenga masiku, akumadzitama kuti anasiya. Sanasiye. Anangosintha khomo lolowera.

Lolemba m'mawa anawapeza Adokotala akukonza majakisoni.

"Adokotala, musayambe. Makoswe aja sankabisala."

"Mukuti chiyani?"

"Ankatsatira sipiliti. Ndinkathira wambiri m'zipupa, osadikira kuti aume. Obayidwa mankhwala aja mantha ankawachokera, ndinawaona ndi maso anga. Koma chibaba sichinkachoka. Ankabwerera kukanyambita m'makona."

"N'chifukwa chiyani munkathira wambiri?"

"Ndinkanunkhiza ndine. Ndine chidakwa, mayi. Pafomu paja ndinanama."

Adokotala anaika jakisoni pa tebulo mosamala kwambiri, ngati akuopa kuti akaiika mwamsanga achita china.

"Munazindikira liti?"

"Pa gulu lachiwiri."

"Ndiye munandiona nditakhala apo, ndikunena kuti vuto ndine, inu n'kumasesa."

"Eya."

"Makoswe makumi anayi," anatero motsitsa. "Ndinasaina ndine kuti afe, poganiza kuti akufera chinthu. Ikani makiyi pa tebulo. Gauni ya ntchitoyo muisiye pa msomali."

Kuchoka apo analunjika kwa mwana wake, poopa kuti akakhota pena paliponse safikako. Anagogoda, n'kubwerera m'mbuyo mpaka pansi pa masitepe. Mkati munkamveka timapazi tikuti tapatapa, ndi kamawu kakuyesa kulankhula. Mwana wake anatuluka n'kukoka chitseko.

Anamuuza zonse, osasiyako.

"Munamwa?"

"Sindinameze. Koma ndinkaufuna, ndipo ndinkaupeza. Ndikati sindinalawe ndikhala ndikukunamiza."

Mwana wakeyo anaphimba kumaso ndi manja. Atachotsa, misozi inali mbwembwembwe.

"Kunatsala milungu isanu, bambo. Ndinali nditamugulira kale kadiresi koti adzavale tsikulo."

"Ndiye titani, mwanangu?"

"Ndinanena chaka." Anapukuta m'maso. "Ndikabweza mawu lero, ndidzabwezanso mawa. Ndikudzidziwa."

Chitseko chinatsekeka, ndipo timapazi tija tinapitiriza kuyenda mkati.

Mlongo wake sanamunyengerere. "Chilungamo chanucho muphika? Ine ndakuikirani nkhope yanga kumene kuja, lero ndikukolopa nditawerama." Ananena choncho, koma madzulo anamusiyira chakudya pakhomo.

Masiku otsatira sindiwakongoletsa. Analibe ntchito, analibe Mlamu, analibe tsiku loliwerengera. Mantha anabwerera ndi mphamvu, ndipo ankapezeka wakhalanso pakati pa bedi ndi khoma, bambo wa imvi, mawondo ali pachifuwa. Mawu ena mumtima ankamuuza kuti wataya kale zonse, ndiye ukudzimana chifukwa cha yani?

Tsiku lina masana miyendo inamufikitsa pakhomo la bala ija anapatukira kale. Fungo linamulandira panja. Anaima, n'kukweza mphuno, ndipo anadzimva akuikweza. Anaona khutu long'ambika, anaona thumba lija. Sikuti analimba mtima ayi. Anangochita mantha ndi kumene njirayo imathera, chifukwa ananyamulako matumba ndi manja ake. Anatembenuka, n'kuyenda wapansi mpaka kuchipatala kuja, kumene Lachitatu lililonse anthu osiya mowa ankakumana ndi namwino. Anali atakana kupitako chaka chonse poti iye si wa gulu limenelo. Anakhala pa benchi yakumbuyo, n'kunena zake.

Patatha mwezi, mlongo wake anabwera atavala yunifolomu. "Akukufunani. Musandifunse, ine sindidziwa ngati ndi mlandu."

Chipinda chinkanunkhira sopo. Adokotala sanamupatse mpando. Anamutembenuzira kompyuta, pali chithunzi cha mizati iwiri, wina wamfupi wina wautali.

"Ndinakhometsa thabwa latsopano. Ndinapukuta ndekha ndi madzi a sopo, n'kumadikira liume. Wautaliwo ndi obayidwa mankhwala. Anayenda poyera." Anakweza chala. "Musasangalale. Awa ndi makoswe makumi awiri basi, si anthu. Mwina kwa anthu sadzagwira n'komwe. Koma akuluakulu ndawauza zoona za magulu awiri aja, ndipo chipinda sakutseka."

Mphunzitsi anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Lamulo lachinayi lija ndinalemba ndine," anapitiriza. "Ndinaika mowa pamphuno pa makoswe olandidwa mowa, osaganiza. Vuto limenelo ndi langa. Linalo ndi lanu, ndipo sindinakukhululukireni. Koma kamera yanga imawerenga masekondi, siidziwa kusiyanitsa mantha ndi chibaba. Inu mumadziwa."

"Wamisala anaona nkhondo, mayi."

Milomo ya Adokotala inagwedera pang'ono, koma sanaseke. Anamukankhira fomu yatsopano. "Funso lija lilipobe. Makiyi simudzagwiranso. Lachitatu muzipita kumene mukupitako, ndipo muzindionetsa khadi losonyeza kuti mwapitako."

Analemba kuti inde, zilembo zikukwera phiri.

Atatumiza uthenga kwa mwana wake, yankho linali lalitali kuposa onse akale: "Tiyambirenso kuwerenga."

Chaka chachiwiricho munalibe chozizwitsa. Utuchi unali womwewo, mabotolo omwewo, matumba omwewo, ndipo sanasiye kumulemera. M'mawa wina ankadzuka mantha atamukhalira pachifuwa, n'kupita kuntchito nawo limodzi. Anthu a pakhonde lija anamva mbiri yake, ena akamadutsa ankakoka mpweya mokweza pomuseka. Ankangowapatsa moni. Tsiku loyesa ankakhala pa kampando pafupi ndi thabwa ndi kope, akulemba zimene kamera siiona: uyu wadzipinda, uyu akusakasaka, uyu wasuzumira kunsi. M'kupita kwa miyezi Adokotala anayamba kumutumizira ophunzira atsopano kuti awaonetse kagwiridwe ka khoswe. Tsiku lina anangozindikira waima pa bolodi, cholembera chili m'manja, anthu akulemba zimene akunena. Dzina lija linabwerera kwa mwini wake.

Chaka chitakwana, Loweruka masana, anasamba, anameta ndevu, anavala jekete. Panjira manja anayamba kunjenjemera. Anawaika m'matumba n'kupitirira.

Mwana wake anatsegula chitseko chonse. Tebulo lija linali pomwe paja. Mkamwini anaimirira n'kumupatsa moni ndi manja awiri. Koma khanda lija kunalibe. Panali kamtsikana ka zaka ziwiri, ka tsitsi lomanga timfundo, kovala diresi ina, poti ija yoyamba inali itachepa kalekale. Zaka zimenezo palibe akanamubwezera. Madzi akatayika saoleka, ndipo zinamupweteka kwambiri.

Mwanayo ataona bambo wachilendo wa imvi, anathawira kuseri kwa sofa, n'kudzipanikiza pakati pa sofayo ndi khoma.

"Iwe, tuluka. Agogo ako awa," anatero mayi ake, akupita kuti akamukoke.

"Msiye," anatero Mphunzitsi.

Anavula jekete, n'kukhala pansi. Anatambasula dzanja, n'kuligoneka chagada pa simenti, pamalo omwe aja kamutu kanatsala pang'ono kugunda. Sanamuitane, sanamuyang'anitsitse. Dzanjalo linkanjenjemerabe pang'ono, ndipo sanalibise.

Panapita nthawi. Diso limodzi linasuzumira, n'kubwerera. Linasuzumiranso. Kenako kunatuluka phazi. Mwanayo anayenda cham'mbali, akugwira sofa, mpaka anafika pomwe sofa inathera. Anaima pamenepo, poyera pali patsogolo pake. Anasiya sofa. Anadzanyonyomala, n'kugunda chala chachikulu chija ndi kachala kake, kuona ngati chiluma.

"Chikugwedera," anatero.

"Eya, chimagwedera."

Anachigwira ndi manja onse awiri kuti chileke. Kenako anakwera pamwendo ngati wakhala akukwerapo moyo wake wonse. Mphunzitsi sanaimirire. Anamufungatira ali chikhalire pansi, pomwe palibe pogwera, ndipo mwana wake anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Inu amene mukuwerenga, sindikulonjezani kuti zonse zidzabwerera. Makoswe makumi anayi aja sanadzuke, mkazi wake sanabwerere, ndipo khanda lija sanalinyamulenso. Mpaka lero Lachitatu limamupeza pa benchi. Koma ngati muli pakona panu lero, pakati pa bedi ndi khoma, musadzitsekere nokha monga anachitira iye. Pitani kuchipatala, kauzeni munthu zoona zake, ngakhale zoonazo zikubwezeni pa tsiku loyamba. Akakuuzani kuti tiyambirenso kuwerenga, werengani. Mtima wokhawo musautaye, chifukwa kuseri kwa sofa kuli wina amene akusuzumira, kudikira kuona ngati dzanja lanu likhalapobe.